Chimanga cha Apongozi Anga

Khalani apo, ana inu, manja azitonola makutu akumva. Iwe Tadala, foni yakoyo waiika pampandopo, igwira mawu anga ndithu? Chabwino. Wati aphunzitsi ako akutuma kuti ufunse munthu wachikulire momwe maphunziro a zomera adalowera m'midzi, ndi momwe anthu adawalandirira. Wafika pakhomo loyenera, chifukwa m'mudzi muno adalowa pa njinga yanga. Koma usayembekeze nkhani yoseketsa. Ine nkhaniyi idanditopetsa kalekale, ndipo ndikadakhala ndi mano ndikadangokazinga chimanga n'kumatafuna osayankhula.

Ndidabadwira kufupi ndi Chezi, koma kuno ku Nachisaka ndidabwera chikamwini, kudzakwatira agogo anu malemu aNabanda. Inu a masiku ano mumangotengana pa Mponela n'kukachita lendi kachipinda, apongozi n'kumaseka nawo pafoni ngati anzanu a ku sukulu. Ife sizidali choncho. Apongozi anga aNambewe, mayi awo a agogo anuwo, sindinkakhala nawo pamphasa imodzi, sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana m'njira, mmodzi ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Ndikakhala ndi mawu ndinkauza mkazi wanga, iye n'kukawauza, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Udali ulemu, sindikuunyoza ayi. Ndikungofuna muzikumbukira kuti mawu anga onse ankafika kwa iwo atadzera m'kamwa mwa munthu wina.

ANambewe adali ndi chimanga chawochawo. Sichidali chachikulu, koma njere zake zidali zolimba, zoyera mbee, zosalala pamutu, ndipo ukachitonola chitsononkho chake chidali chofiira. Makoko ake ankatseka mpaka kunsonga ngati munthu wofunda bulangete m'nyengo ya chisanu, moti nankafumbwe ankasowa polowera. Mbewu imeneyi adalandira kwa amayi awo, amayi awowo kwa amayi awonso. Pokolola, palibe wina ankasankha mbewu koma iwo okha. Ankakhala pansi pafupi ndi mulu, n'kumatembenuza chimodzichimodzi, chosalala bwino kuchiika padera. Akatero ankamanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuzipachika kutsindwi kwa khitchini, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uzizifukiza mpaka zide ndi mwaye. Mwana wamkazi akayamba kuphika payekha ankamupatsa mtolo umodzi, ndipo agogo anu adalandira wawo chaka chomwe tidakwatirana.

Ine ndidali mlangizi wa zaulimi. Usaseke, iwe Yamikani, miyendo iyi idali ndi mnofu kale. Ndidali ndi kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, njinga ya boma, kope, ndi chingwe chomanga mfundo choyezera mapando. Ndidalinso ndi kachitsekerero ka botolo kothirira feteleza, kamene ndinkakasunga m'thumba la malaya ngati chuma. Ndikafika m'mudzi ndinkaliza belu la njinga kutali, kuti anthu adziwe kuti maphunziro akubwera.

Ku sukulu ya ulangizi adatiphunzitsa zinthu zoona, zimenezo sindingakane. Adationetsa kuti ngayaye ili pamwamba ija ndiye mwamuna, ndevu za pa chimanga ndiye mkazi, ndipo fumbi lachikasu lotchedwa mungu limayenda ndi mphepo kuchokera pa ngayaye kukagwera pa ndevu, ngakhale za m'munda wa mnzako. Adatiuza kuti chimanga chatsopano, cha haibulidi, amachipanga pokwatitsa mitundu iwiri yosankhidwa. Ana a ukwati umenewo amakula mofanana, amabereka modabwitsa. Koma ukatenga anawo n'kuwadzalanso, zidzukulu zimabalalika, china chachitali, china chachifupi, china chongoima chabe osabereka kanthu. Zidzukulu n'zovuta paliponse, ndikakuonani inu ndimavomereza. Zonsezi ndidalemba m'kope, mayeso ndidakhoza. Chimene sadatiphunzitse n'chakuti chimanga chikachoka m'munda chimalowa m'manja mwa amayi. M'kalasi monsemo mudalibe ndi mmodzi yemwe amene adagwirapo munsi.

Idali nthawi ya chipani chimodzi. Inu simungazimvetse. Pamsika sunkalowa wopanda khadi, ndipo mawu akachokera kumwamba ankatsika ngati mvula, sufunsa kuti yagweranji. Chaka chimenecho kudamveka kuti akuluakulu adzayendera mbewu m'dera lathu. Bwana wanga wa ku ofesi adabwera ndi galimoto, limodzi ndi tcheyamani wa chipani, kudzafuna munda wachitsanzo wa m'mbali mwa msewu. Minda yabwino ya m'mbali mwa msewu idali itatu yogundizana, wa apongozi, wathu, ndi wa mlamu wanga wamkazi. Bwanayo adayang'ana mapesi a chaka chatha, adatola chitsononkho chofiira, n'kundifunsa pamaso pa tcheyamani:

"Kodi mlangizi wake ndi wotani amene pakhomo pake padakali chimanga cha makolo? Anthu akumverani bwanji?"

Ndidachita manyazi mpaka m'mapazi. Madzulo ake ndidatuma agogo anu kuti akauze amayi awo kuti chaka chino minda yonse itatu tidzale chimanga chatsopano, osasiyako ngakhale mzere umodzi. Ine ndidakhala pakhonde kuseri, ndikumva zonse kudzera pachipupa. Apongozi adati:

"Kawafunse bambo a Esnati, chimanga chawocho adachisinjapo?"

Esnati ndiye mayi ako, Tadala, nthawiyo ali kumsana. Ine nditamva funsolo ndidaseka chamumtima. Mwamuna wa masokosi kusinja? Ndidabweza yankho loti nkhaniyi ndi ya boma, ndipo a tcheyamani aidziwa kale. Ndidadziwa chimene ndikuchita potchula tcheyamani. Masiku amenewo mawu otero ankatseka pakamwa pa aliyense, ndipo ine ndidawagwiritsa ntchito pa mayi amene adandipatsa mwana wake ndi malo olima. Ili ndilo tchimo langa loyamba, ndipo mpaka lero limandiwawa. Iwo adangoti, "Chabwino, amve boma." Agogo anu ndi mlamu wanga mitolo yawo adakazinga n'kudya, poti idalibenso ntchito. Koma apongozi mtolo wawo sadaukhudze, udatsala kutsindwi.

Ndisaname, chimanga chidabereka. Mvula idagwa bwino, feteleza tidathira pa nthawi yake, minda idabiriwira mpaka oyenda pamsewu ankaima n'kugwira pakamwa. Akuluakulu adabwera, amayi a chipani adavina, nthungululu zidamveka mpaka kudambo. Adandijambula nditagwira chimanga chachitali ngati mkono wanga uwu. Pokolola tidachita kumanga nkhokwe ina yatsopano. Apongozi nawonso adakondwa, adatumiza mawu akuti, "Auze bambo a Esnati kuti achita zamphamvu." Tsiku limenelo ndidadya tambala.

Mphotho yake idali yondisamutsira ku mapiri a Ntchisi, kukayang'anira dera lalikulu. Mkazi ndi mwana adatsala kuno, chifukwa kumeneko nyumba idali isadathe. M'mawa wonyamuka, ndikumanga katundu pa njinga, ndidauza agogo anu zinthu ziwiri. Choyamba, chimanga ichi asachisunge m'nkhokwe ndi makoko monga mwa kale, achitonole, achithire mankhwala, achiike m'matumba. Chachiwiri, asasankhepo mbewu, chifukwa sichidzalidwa kawiri, mbewu yake amagula chaka ndi chaka. Ndidayankhula mutu uli pansi, ndikukoka chingwe, ngati ndikunena za nkhuku. Ndidati ukawauze amayi, n'kukwera njinga.

Agogo anu adakawauza, koma osati monga ndidanenera. Patapita nthawi nditawafunsa, adandiyankha mosaopa. Adati, "Inu abambo, ndikadawauza bwanji amayi kuti chimanga chobereka chotere n'chosabala? Mawu oterowo amauza munthu wamkulu? Ndiponso ine ndemwe sindidakhulupirire. Chinthu chobereka chingalephere bwanji kubereka ana?" Chimene adakanena n'chakuti bambo a Esnati akuti mbewu ina adzatumiza. Apongozi adayankha kuti asavutike, mbewu ilipo yambiri. Adakhala pansi pafupi ndi mulu monga ankachitira chaka chilichonse, adasankha zazikuluzikulu, adamanga ziwiriziwiri, adapachika pa utsi pafupi ndi mtolo wakale uja. Za matumba adangoseka. Chimanga chokhala m'thumba ngati mchere adali asadachionepo, ndipo matumba okwanira nkhokwe ziwiri akadawatenga kuti? Mnzanga amene adalowa m'malo mwanga atabwera ndi mbewu yatsopano, adamuthokoza n'kumubweza nayo.

Vuto lidayambira mumtondo. Inu mumangonyamula thumba kupita ku chigayo, batani n'kudina, ufa uwo. Kale ufa woyera udali ntchito ya sabata. Mayi ankakonola mumtondo kuti gaga achoke, n'kupeta, mphale n'kuiviika masiku angapo, n'kuitsuka, kuiyanika, kuisinjanso. Chimanga cha makolo chikamenyedwa ndi munsi chimavula khungu lokha, njere n'kutsala yathunthu. Changa chija chidali chofewa, munsi ukangotsika chinkaphwanyika, theka lake n'kupita ndi gaga. Dengu limene kale linkadyetsa banja sabata lidayamba kutha masiku anayi. Amayi adayamba kutapa m'nkhokwe kawirikawiri, akudandaula chamumtima.

Kenaka anankafumbwe. Makoko a chimanga changa sankafika kunsonga, mutu unkakhala pamtunda. Agogo anu ankati ukaima pafupi ndi nkhokwe masana kuli zii, unkamva kuti m'katimo muli kutafuna. Pansi pa nkhokwe pankagwa fumbi loyera, nkhuku zonse za m'mudzi n'kumasonkhana pamenepo. Mvula yoyamba itagwa adadzala mbewu yosankha ija minda yonse itatu. Pofika Khirisimasi, ukatenga chimanga m'nkhokwe n'kuchifinya chinkangosanduka ufa wonunkha m'manja.

Ine nthawi yonseyi ndili ku Ntchisi, ndikuliza belu m'midzi ya eni, ndikulalikira uthenga womwewo. Mitsinje idadzaza, misewu idaterera, Loweruka lililonse kudali msonkhano wa chipani woti mlangizi asasowe. Ndinkadziuza kuti kwathu kuli nkhokwe ziwiri, adandaula chiyani. Kalata ya agogo anu idandipeza mu Febuluwale. Idali ya mizere itatu, yomaliza yake yoti mwana sakuyenda.

Ndidamanga ufa pang'ono pa njinga, ndidayenda tsiku lonse, pena kukwera pena kukankha m'matope. Ndidafika dzuwa litapendeka. Ndidayamba kuona munda, ndipo ndidadziwa nthawi yomweyo zimene zachitika. Phesi lina lalitali, lina lofika m'chiuno, lina lamasula, lina likadali mwana. Zidzukulu zija zidali zitaima m'mizere yonse monga momwe zidalembedwera m'kope langa. Pakhomo ndidapeza akuluakulu akudya mango osapsa ophika ndi nkhwani. Esnati adali atasiya kuyamwa chifukwa agogo anu adali ndi pakati pena. Adali pamiyendo ya amayi ake, timiyendo tili ngati bango, koma akumwa phala loyera bwino, akunyambita chala. Ndidafunsa kuti ufa woyera wotere wachokera kuti.

Agogo anu adaloza ndi mutu ku khitchini ya amayi awo. Mwana uja ankakana phala la ufa wofumbwa, akamwa ankasanza, ndipo adayamba kufooka. Apongozi adakwera pa mtondo, adatsitsa mtolo wakale uja, adapukuta mwaye, adatonola, n'kusinja. Adati mbewu ili kale m'nthaka, nanga iyi tiisungirenji mwana akufa. Phala limene ndidapeza lidali la ufa womaliza. Ndidakhala pansi pa nthaka, masokosi ali matope okhaokha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidafunsidwa funso limodzi lokha, la kusinja, ndipo ndidaliseka.

Esnati adachira, si uyo amakukalipirani masiku ano. Chaka chimenecho tidakolola zochepa, zosaoneka bwino, ndipo tidapulumukira mbatata ndi maganyu a mlamu wanga. Palibe adandinena poyera. Kunena poyera kukadakhala kunena boma. Anthu ankangondipatsa moni wautali kwambiri, wa ulemu wopitirira, ndipo ine ndinkaumva kulasa kwake. Nyengo yokolola itatha, nditabwera pa tchuthi, mawu adabwera kudzera mwa agogo anu. Sadali aukali. Adati, "Auze bambo a Esnati andipezere chimanga changa. Cha anthu ena sindichifuna, ndifuna cha amayi anga."

Chimanga cha makolo m'mudzi chidalipo, koma cha chitsononkho chofiira chija chidali cha banja ili lokha, ndipo minda yake yonse ndidaitha ndine. Padatsala munthu mmodzi. Apongozi adali ndi mng'ono wawo amene adatengedwa chitengwa kalekale kupita kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndipo pochoka adanyamula mtolo wake. Ndidanyamuka m'mawa ndi mbatata yootcha m'thumba. Ulendo umenewo mawondo awa amaukumbukira mpaka lero. Kumeneko njinga imakwera munthu, osati munthu kukwera njinga. Ndidafunsa njira m'midzi inayi, ndidagona kwa mphunzitsi wina wachifundo, ndipo tsiku lachiwiri masana ndidawapeza gogoyo akupeta pabwalo.

Adandilandira bwino, adandipatsa thobwa, adalira atamva za mkulu wawo. Adati, "Mbewu ya amayi ilipo, mwananga, sindidaitayepo chaka n'chimodzi chomwe." Mtima wanga udakhala pansi. Adanditengera kumunda kuti ndione pamene amalima. M'malire mwenimweni mwa munda wawo mudayambira munda wina waukulu, mizere yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe changa. Ndidafunsa kuti ndi wa yani. Adati ndi wa mchikumbe wina, mlimi wotchuka wa kumeneko, amadzala cha haibulidi zaka zitatu tsopano. Ndidaima pamenepo ndikumva mphepo ikuchokera kumunda wa mchikumbe uja, ikundiwomba kumaso, ikupita kumunda wa gogo.

Atatsitsa mtolo kutsindwi ndidasenda chimodzi. Chitsononkho chidali chofiira ndithu. Koma apa ndi apo padali njere zokhala ndi kadzenje pamutu, chizindikiro cha chimanga chofewa chija. Mungu udali utalowa kale. Gogoyo maso adali atayamba kuchita khungu, sadaone kanthu. Ine ndidaona, ndipo ndidathokoza ndi manja awiri.

Pobwerera ndidakhala pansi pa msuku, ndidayala malaya, ndidatonola zonse. Ndidayamba kusankha njere imodziimodzi, ya kadzenje kutaya kutchire, yosalala kuika m'kansalu. Ndidatha theka la tsiku. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikudzinamiza, chifukwa chimene chalowa m'kati mwa mbewu suchichotsa ndi chala. Maphunziro omwewo amene adandipatsa mwano ndiwo ankandiuza tsopano kuti chimanga cha aNambewe chatha, sichidzabweranso. Koma kufika chimanjamanja sindikadatha. Kunyumba ndidati ndatonola chifukwa zitsononkho zimalemera pa njinga. Limeneli ndilo bodza langa, ndipo kwa zaka zambiri sindidauze munthu aliyense, ngakhale agogo anu.

Apongozi adalandira kansalu kaja kudzera mwa mwana wawo. Ndidamva ali m'nyumba akuomba m'manja, n'kunena mokweza kuti ndimve ndekha, "Mwachita bwino, bambo. Mwayenda." Adadzala, adakolola, adasankha, adapachika pa utsi. Chaka chotsatira adagawira ana awo mitolo. Mlendo akabwera ankamuonetsa chitsononkho chofiira n'kumati, "Ichi n'cha amayi anga, chidatayika, mkamwini wanga adakachitenga ku Ntchisi pa njinga." Ine ndikamva mawu amenewo ndinkangoyang'ana pansi. Chaka chilichonse ndinkazemba kukayang'ana m'nkhokwe yawo, njere za kadzenje zikuchulukirachulukira, ndipo ndinkati mwayi wanga ndi woti maso awo akalamba.

Ntchito ndidaigwirabe mpaka kupuma, ana ankafunika sukulu. Patapita zaka akatswiri adatulutsa haibulidi ina yolimba, yosinjika bwino, atayamba kufunsa amayi. Ndidakondwa, koma kudali kukondwa kwa munthu wotopa. Ukalembe zimenezo, Tadala, aphunzitsi ako azikonda. Ulembenso kuti zimene tidaphunzira zidali zoona, ndipo zimene apongozi ankadziwa zidali zoona, koma pakati pathu padali chipupa, ine n'kumaganiza kuti mbali yanga yokha ndiyo ili ndi nzeru. Ndipatse madzi, Yamikani, kukhosi kwauma.

ANambewe adamwalira atakalamba kwambiri, chipani chimodzi chili pafupi kutha. Titamaliza za maliro, anthu atabalalika, agogo anu ankasesa m'khitchini ya amayi awo, ine ndidaima pakhomo. Kadali koyamba kusuzumira m'menemo. Kutsindwi kudali mtolo wa chaka chimenecho, womangidwa bwino. Mtima udandilemera, ndipo ndidaganiza kuti basi, ndiulule. Ndidati, "Nabanda, pali chinthu ndidakubisira zaka zonsezi. Chimanga chija ndidakatenga ku Ntchisi sichidali chenicheni."

Agogo anu sadasiye n'kusesa komwe. Adati, "Amayi adadziwa chaka choyamba chomwe. Tsiku loyamba kuchithira mumtondo adatsitsa munsi kawiri, n'kuima. Adati, si ichi ayi. Kenaka adandigwira mkono, adati usawauze bambo a Esnati, ayenda ulendo wautali."

Ndidagwira chitseko. Ndidafunsa kuti nanga ngati ankadziwa, n'chifukwa chiyani ankavutika kuchidzala chaka ndi chaka, kuchisankha, kuchipachika, kuonetsa alendo.

Agogo anu adaimika tsache, adandiyang'ana ngati ndine mwana. Adati, "Akadasiya kudzala, inu simukadadziwa kuti azindikira?"